Super Bowl sinakule chifukwa cha oimba

Mwezi wa Febuluwale ukamayandikira pamamveka nkhani imodzimodzi yokhudza Super Bowl, fainolo ya ligi ya NFL ya mpira wa ku America. Akuti chimene chimasonkhanitsa dziko lonselo pa kanema ndi woimba wa pa nthawi yopumulira ndi malonda okwera mtengo amene makampani amatsatsa usiku umenewo, mpirawo ndi wongoperekeza. Onena zimenezi ali napo pogwira. Pa 9 Febuluwale 2025, pamene Philadelphia Eagles inathambitsa Kansas City Chiefs 40-22 ku New Orleans, oonera ku America kokha anali pafupifupi 127.7 miliyoni, ndipo makampani ena analipira madola 8 miliyoni kuti malonda awo aoneke kwa masekondi 30. Pa chikhamu chotere sipangalephere kukhala anthu ambiri amene satsatira ligiyi chaka chonse.

Koma mbiri ikunena zina. Chaka chimene gawo lalikulu kwambiri la nyumba zokhala ndi kanema ku America linaonera Super Bowl ndi 1982, pamene San Francisco 49ers inagonjetsa Cincinnati Bengals 26-21: nyumba 49.1 pa 100 zilizonse. Pa nthawi yopumulira panalibe dzina lalikulu la woimba. Mwambo woimika katswiri wodziwika padziko lonse pakati pa bwalo unakhazikika patapita zaka 11, ndipo unabwera kudzatseka dzenje. Chimene chinakuza masewerowa n'chakuti eni matimu, anthu okonda ndalama ngati amalonda ena onse, anavomera kangapo konse kudzimanga manja kuti timu yolemera isamangotenga chikho chaka ndi chaka. Zaka zimene anachita zimenezo fainolo inkakoma. Zaka zimene analekerera inkatha chigawo choyamba chisanathe.

Kwa amene sautsatira, mpirawu ndi wogwira m'manja. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 pa bwalo la mayadi 100 kuchokera pa mzere wa golo wina kufika pa unzake. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, pothamanga nawo kapena pouponya. Ikakwanitsa imayambiranso kuwerenga, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kufika nawo kuseri kwa mzere wa golo ndiye touchdown, mapointi 6, ndi mwayi wowonjezera pointi imodzi kapena awiri. Kuumenya ndi phazi n'kudutsa pakati pa mitengo ya golo ndi field goal, mapointi 3. Woyendetsa zonse ndi quarterback, yemwe amaponya mpira. Wotchi imawerenga mphindi 60 zogawidwa panayi, koma imaima pafupipafupi moti masewero amapitirira maola atatu.

Ligiyi inabadwa mu 1920 ku Canton, m'chigawo cha Ohio, ndipo poyamba inalibe fainolo. Akatswiri ankapezeka pa mndandanda, chikhalirecho matimu sankasewera masewero ofanana kuchuluka ndipo masewero olepherana sankawerengedwa n'komwe. Mu 1932 njirayi inaonetsa manyazi ake. Green Bay Packers inapambana masewero 10 n'kugonja atatu. Chicago Bears inapambana 6 okha, n'kugonja kamodzi, n'kulepherana kasanu ndi kamodzi. Portsmouth Spartans nayo inapambana 6 n'kugonja kamodzi. Poti zolepherana zinkatayidwa, Bears ndi Spartans zinafanana pamwamba, Packers ya zipambano 10 n'kutsala pansi pawo. Anakonza masewero amodzi olekanitsa awiriwo, koma Chicago inali itakwiririka ndi chipale chofewa, choncho pa 18 Disembala anakasewerera m'nyumba, mu Chicago Stadium, pa bwalo ladothi lalifupi la mayadi 80. Bears inapambana 9-0. Eni matimu anatolapo phunziro: tsiku limodzi lopezera katswiri limagulitsika kuposa mndandanda. Mu 1933 anagawa ligi pawiri kuti otsogola mbali zonse azikumana, ndipo Bears inagonjetsa New York Giants 23-21 mu fainolo yoyamba.

Kudzimanga manja koyamba kunachitika mu 1936. Bert Bell, mwini wa Eagles yomwe inkangokhalira kugonja, anakopa anzake kuti osewera ochokera m'makoleji asamagulidwe ndi amene ali ndi thumba lalikulu, koma azisankhidwa mwa dongosolo lotchedwa draft: timu yothera pansi iyambe kusankha, akatswiri asankhe pomaliza. Dongosololi lilipo mpaka lero.

Kenaka kunabwera kanema. Pa 28 Disembala 1958 Baltimore Colts ndi Giants zinafanana 17-17 ku Yankee Stadium, ndipo kwa nthawi yoyamba fainolo inalowa m'nthawi yowonjezera, pomwe woyamba kugoletsa ndiye wapambana. Johnny Unitas anayendetsa Colts mayadi 80, Alan Ameche n'kumaliza, 23-17, dziko likuonera pa NBC. Anthu a ndalama anaona msika. Mmodzi wa iwo anali Lamar Hunt, mwana wa mpondamatiki wa mafuta ku Texas, amene atakanizidwa kukhala ndi timu mu NFL anasonkhanitsa anzake n'kuyambitsa ligi yawoyawo, AFL. Inayamba kusewera mu 1960 ndi matimu 8, ndipo inagulitsa masewero ake onse pamodzi ku ABC n'kumagawana ndalamazo mofanana. Pete Rozelle, amene anakhala mkulu wa NFL chaka chomwecho, anafuna kuchita chimodzimodzi, koma khoti linamuletsa ponena kuti n'kuphwanya malamulo oletsa makampani kupangana pa malonda. Anapita ku nyumba ya malamulo, ndipo mu 1961 lamulo lapadera linadutsa. Kuyambira 1962 CBS inkalipira madola 4.65 miliyoni pachaka, ogawidwa mofanana kwa matimu 14.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Banja la Mara, eni ake a Giants, likanatha kugulitsa masewero a timu ya ku New York pa mtengo woposa wa wina aliyense, koma linavomera kulandira gawo lofanana ndi la Green Bay, tauni imene ngakhale lero anthu ake angopitirira pang'ono 100,000. Popanda chisankho chimenecho, Packers sikanakhala timu imene inatenga ma Super Bowl awiri oyamba. N'kutheka kuti sikanakhalapo n'komwe.

Super Bowl yeniyeniyo inabadwa ngati chiganizo chimodzi m'pangano lothetsa nkhondo. NBC itapatsa AFL madola 36 miliyoni a zaka zisanu, ligi yaing'onoyo inapeza mphamvu zolimbirana osewera ndi yaikulu. Mu 1965 New York Jets inasainitsa Joe Namath pa madola 427,000, ndalama zosamveka nthawi imeneyo kwa mnyamata wongochoka kukoleji. Mu 1966 Giants inatenga Pete Gogolak ku Buffalo Bills, n'kuswa pangano losalemba loti maligi awiriwa asamaberane osewera okhala ndi timu kale. Al Davis, mkulu watsopano wa AFL, anabwezera poyamba kukopa ma quarterback a NFL. Pamenepo n'kuti Hunt ndi Tex Schramm wa Dallas Cowboys akukambirana mobisa, ndipo pa 8 Juni 1966 analengeza kuti maligi aphatikizana: draft ikhala imodzi kuyambira 1967, ligi idzakhala imodzi mu 1970, ndipo akatswiri a mbali ziwirizi azikumana kumapeto kwa sizoni. Tisanamizane, chimene eni matimu ankafunitsitsa chinali draft imodzi, kuti wosewera asakhalenso ndi ogula awiri omukwezera mtengo. Fainolo inali yowonjezera chabe.

Ndipo yoyambayo inaonekadi ngati yowonjezera. Pa 15 Januwale 1967 ku Los Angeles Memorial Coliseum kunalowa anthu 61,946, mipando yoposa 30,000 ili yopanda munthu, pomwe tikiti yodula kwambiri inali madola 12. CBS ndi NBC zonse zinaulutsa masewerowa chifukwa iliyonse inali ndi kontrakiti ndi ligi yake. Mipira inali iwiri: Packers ikamaukira inkagwiritsa ntchito wa Wilson wa NFL, Chiefs wa Spalding wa AFL. Chigawo chachiwiri chinayambidwa kawiri chifukwa NBC inali isanabwerere kuchokera ku malonda. Pa nthawi yopumulira panali magulu a malipenga a m'makoleji. Packers ya mphunzitsi Vince Lombardi inapambana 35-10, chaka chotsatira n'kukunthanso Oakland Raiders 33-14. Anthu anayamba kufunsa ngati kukumana kwa maligi awiriwa kunali ndi phindu lililonse, poti wopambana ankadziwika masewero asanayambe.

Yankho linabwera pa 12 Januwale 1969 ku Orange Bowl, mumzinda wa Miami, m'masewero oyamba kutchedwa Super Bowl mwalamulo. Colts inali itagonja kamodzi kokha sizoni yonse, n'kusambitsa Cleveland Browns chokweza 34-0 mu fainolo ya NFL, ndipo obetcha ankaipatsa mwayi wopambana ndi mapointi 18. Anthu amakumbukira kuti Namath analonjeza poyera kuti Jets ipambana. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti iye sanaponye touchdown ngakhale imodzi, ndipo m'gawo lachinayi sanaponye mpira n'komwe. Jets inapambana pansi: Matt Snell anathamanga ndi mpira maulendo 30, mayadi 121, n'kugoletsa touchdown yokhayo ya timu yake, Jim Turner n'kumenya ma field goal atatu. Mbali inayo Earl Morrall, quarterback wa Colts, anaponyera adani mpira katatu chigawo choyamba chisanathe. Ulendo wachitatu ndi umene umawawa kwambiri. Masekondi akutha, Colts inachita chinyengo chimene chinatheka bwinobwino, Jimmy Orr n'kupezeka ali yekhayekha pafupi ndi golo akukupiza manja. Morrall sanamuone. Anaponyera pakati pa bwalo, Jim Hudson wa Jets n'kuwakha. Zinathera 16-7. Chaka chotsatira Chiefs inagonjetsa Minnesota Vikings 23-7, maligi n'kufanana 2-2. Oimba anali asanabwere, koma masewerowa anali atapeza chifukwa chowaonera: palibe ankadziwanso mathero.

Mu 1970 ligi inakhala imodzi ya matimu 26, yogawidwa m'zigawo za AFC ndi NFC. Kuti mbali zifanane 13-13, Colts, Browns ndi Pittsburgh Steelers zinasamukira ku AFC, iliyonse italandira madola 3 miliyoni. Lombardi anamwalira mu Seputembala chaka chomwecho ndipo chikho chasiliva, chimene kampani ya Tiffany imapanga chatsopano chaka chilichonse, chinapatsidwa dzina lake. Zaka za m'ma 1970 zinali za Miami Dolphins, yomwe inapambana masewero onse 17 a sizoni ya 1972, ndi Steelers, yomwe inatenga zikho zinayi m'zaka zisanu ndi chimodzi.

Vuto linadza pambuyo pake. Draft ndi kugawana ndalama za kanema zinkathandiza timu yofooka kupeza osewera, koma panalibe chokakamiza timu yamphamvu kutaya ake. Wosewera kontrakiti yake ikatha sankatha kuchoka mwaufulu, ndipo mwini timu wolemera ankatha kusunga akatswiri ngakhale pa benchi. San Francisco inasunga quarterback Steve Young pa benchi kwa zaka zinayi kumbuyo kwa Joe Montana. Zotsatira zake zikuoneka pa zigoli. Kuyambira Januwale 1985 mpaka Januwale 1997 matimu a NFC anapambana ma Super Bowl 13 motsatizana, ambiri mwa iwo mochititsa manyazi: Bears 46-10 pa New England Patriots, Washington 42-10 pa Denver Broncos ndi mapointi 35 m'gawo lachiwiri lokha, San Francisco 55-10 pa Denver yomweyo, Dallas 52-17 pa Buffalo yomwe inataya mpira kasanu ndi kanayi. Masewero okoma analipo, monga a 1991 pamene Giants inapulumuka 20-19 mpira wa Scott Norwood utadutsa kunja kwa mtengo wakumanja kuchokera pa mayadi 47, koma anali osowa.

M'nyengo imeneyi ndi mmene oimba analowera. Mu Januwale 1992, Washington ikutsogola 17-0 pa Buffalo pa nthawi yopumulira, kanema wa Fox anaulutsa pulogalamu yanthabwala nthawi yomweyo ndipo anthu oposa 20 miliyoni anatembenukira kumeneko. NFL inachita mantha. Chaka chotsatira inabweretsa Michael Jackson ku Rose Bowl, tsiku lomwe lija la 52-17. Woimbayo anagwira ntchito yake: anasunga anthu pa kanema pamene mpira unalephera kuwasunga. Koma mankhwala enieni anachokera kukhoti. Osewera, motsogozedwa ndi Freeman McNeil kenaka Reggie White, anasumira ligi n'kupambana, ndipo mgwirizano wa 1993 unabweretsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: ufulu wa wosewera kuchoka kontrakiti ikatha, ndi malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. White mwiniwakeyo, yemwe ankafunidwa paliponse, anasankha Green Bay pa madola 17 miliyoni a zaka zinayi, ndipo mu Januwale 1997 tauni yaing'ono ija inatenganso chikho.

Malirewo anayamba mu 1994 ali madola 34.6 miliyoni pa timu, ndipo mu 2025 anali 279.2 miliyoni. Amawerengedwa kuchokera ku ndalama zimene ligi yonse yapeza, ndipo osewera amatengapo pafupifupi 48 pa 100 zilizonse. Palibe chindapusa chimene mwini timu wolemera angalipire kuti awadumphe. Njira yokhayo yozembera ndi kukankhira ngongole kutsogolo: ndalama imene wosewera amalandira posaina imagawidwa m'mabuku pa zaka za kontrakiti yake, osapitirira zisanu. Koma mukamuchotsa zakazo zisanathe, zotsalazo zimakugwerani, n'kumawerengeredwa ndalama za munthu amene akusewerera timu ina. Timu ikapambana chikho, osewera ake amakwera mtengo onse nthawi imodzi, ndipo malirewo amakhala ngati bulangete lalifupi, ukafunda kumutu miyendo ili pamtetete. N'chifukwa chake chuma chachikulu mu ligiyi ndi quarterback waluso amene akadali pa kontrakiti yake yoyamba yotsika mtengo. Seattle Seahawks inatenga chikho mu 2014 Russell Wilson akulandira ndalama zosakwana madola miliyoni imodzi pachaka, zotsalazo n'kumangira otchinga kumbuyo. San Francisco inafika mu fainolo ya 2024 ndi Brock Purdy, wosankhidwa womaliza weniweni, wa 262, mu draft ya 2022. Chiefs itapatsa Patrick Mahomes kontrakiti yaikulu, inagulitsa katswiri wake wowakha mpira, Tyreek Hill, ku Miami mu 2022.

Wotsutsa anganene kuti malirewa sanaletse Patriots ya mphunzitsi Bill Belichick ndi quarterback Tom Brady kufika mu Super Bowl kasanu ndi kanayi n'kupambana kasanu ndi kamodzi. N'zoona. Koma taonani zigoli zake: 20-17, 32-29, 24-21, 14-17, 17-21, 28-24, 34-28, 33-41, 13-3. Masewero asanu ndi atatu oyambawo onse anasiyana ndi mapointi osapitirira 8, kutanthauza kuti kuukira kumodzi kukanatha kusintha zotsatira. Ufumu wa m'nyengo ya malire ndi wosiyana ndi wa 55-10. Brady mwiniyo anasankhidwa pa nambala 199 mu 2000, timu iliyonse itamudumpha kangapo, ndiye palibe anganene kuti anagulidwa ndi thumba. Ndipo mpaka 2025 panalibe timu imene inatengapo Super Bowl katatu motsatizana. Chiefs itayesa, Eagles inatsogola 24-0 pofika nthawi yopumulira.

Pali dandaulo lina lomveka: masewero amodzi sangapeze timu yabwino koposa. Mu sizoni ya 2007 Patriots inapambana masewero onse 18 isanafike mu fainolo, Giants inali itagonja kasanu ndi kamodzi, koma chikho chinapita ku New York, 17-14, David Tyree atagwira mpira poupanikiza pa chisoti chake. Kunena chilungamo, Patriots inali timu yabwino kuposa Giants chaka chimenecho. Ine ndikuti vuto palibe. Ligi za baseball ndi basketball ku America komweko zimapeza akatswiri pa masewero ofika 7, ndipo wamphamvu amakhala ndi mpata wodzikonza. Mpirawu sulola zimenezo chifukwa thupi silingapirire kugundana kotere kawiri pa sabata. Kufooka kumeneku ndiko kunasanduka mphamvu yake: kulakwitsa kumodzi sikubwezeka.

Chitsanzo chake ndi Atlanta Falcons pa 5 Febuluwale 2017. Anthu amakumbukira kuti inatsogola 28-3 n'kugonja, koma pamene inatayira chikho ndi pena. Kutatsala mphindi zosakwana zisanu, ikutsogola 28-20, Julio Jones anawakha mpira m'mphepete mwa bwalo n'kuifikitsa pa mayadi 22 kuchokera pa golo la Patriots. Pamenepo chofunika chinali kuthamanga ndi mpira katatu, kudya nthawi, n'kumenya field goal yosavuta kuti kusiyana kukhale mapointi 11, amene Patriots ikanafunika kuukira kawiri kuti iwabweze. Fodya n'uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Falcons inasankha kuponya. Quarterback wake, Matt Ryan, anagwetsedwa n'kutaya mayadi 12, kenaka wotchinga wake anagwira mdani mosaloledwa n'kutayanso ena 10, timu n'kupezeka yatuluka pa mtunda womenyera. Brady anafananitsa 28-28, Patriots inapata mwayi woyamba ndi mpira pa mayere a nthawi yowonjezera, n'kuyenda mayadi 75 mpaka touchdown. Atlanta sinaugwirenso mpira.

Lamulo lolola zimenezo linali loipa, ndipo ligi inachedwa kulikonza mpaka zomwezo zitachitikira Buffalo mu Januwale 2022, pamene inagonja 42-36 kwa Chiefs mu ndime ya chipulula. Kuyambira pamenepo, m'ndime ya chipulula matimu onse awiri amapatsidwa mpira m'nthawi yowonjezera. Lamulo latsopanoli linayesedwa koyamba ku Las Vegas pa 11 Febuluwale 2024, ndipo linatembenuza nzeru zakale. San Francisco inapata mayere n'kusankha kuyamba ndi mpira, monga aliyense ankachitira kale, n'kumenya field goal. Chiefs inalowa ikudziwa bwino chimene ikufunika, choncho pa mwayi wachinayi, pamene nthawi zina ikanaumenyera kutali mpira, inalimba mtima n'kupitiriza, mpaka Mecole Hardman anagoletsa, 25-22. Wobwera pambuyo amakhala ndi mwayi unayi weniweni pa mayadi 10 alionse, woyamba amakhala ndi utatu. Osewera ena a San Francisco anavomera pambuyo pake kuti lamulolo sankalidziwa. Mphunzitsi wawo, Kyle Shanahan, ndi yemwe uja ankayendetsa kuukira kwa Falcons mu 2017.

Pomwe ligi ikuyenera kudzudzulidwa ndi pamene chionetsero chimapondereza mpira ndi ochemerera. Kusewerera fainolo pa bwalo losankhidwiratu kuli ndi chifukwa chake. Masabata awiri Super Bowl yachiwiri isanachitike, Packers ndi Cowboys zinasewera ku Green Bay kukuzizira madigiri 25 kunsi kwa ziro, makina otenthetsera pansi atakanika, mawezulo akumatirira pa milomo ya oimbira. Palibe angagulitse phwando la sabata yathunthu m'nyengo yotere, n'chifukwa chake ligi imafuna bwalo la mipando pafupifupi 70,000 ndi mzinda wofunda kapena bwalo lofolera. Koma mtengo wake amalipira ndi sapota. Matimu awiri amene akusewera amapatsidwa matikiti 17.5 pa 100 iliyonse, otsalawo amapita ku ofesi ya ligi, timu ya mumzindawo ndi matimu ena amene sakusewera n'komwe. Mu 2011 ku Arlington, pofuna kuswa mbiri ya chiwerengero cha olowa, anaika mipando yongoyembekezera imene sinathe kukonzedwa pa nthawi yake, ndipo anthu pafupifupi 400 okhala ndi matikiti anasowa pokhala. Mu 2013 magetsi anazima kwa mphindi 34 ku Superdome, Baltimore Ravens ikutsogola 28-6, ndipo inangopulumukira pa 34-31. Mu 2023 ku Glendale kapinga anali woterera moti osewera ena anasintha nsapato masewero ali mkati. Nthawi yopumulira nayo, imene masiku onse imakhala mphindi 13, pa Super Bowl imayandikira theka la ola kuti nsanja ya woimba imangidwe ndi kuphwasulidwa, ndipo aphunzitsi amachita kukonzeratu mmene osewera adzatenthetserenso matupi.

Palinso kuiwala dala. Manambala achiroma amene anayamba ndi Super Bowl V amachititsa anthu kuganiza kuti mbiri inayamba mu 1967. Browns ndi Detroit Lions zimanyozedwa kuti sizinafikepo mu Super Bowl, pomwe iliyonse ili ndi zikho zinayi za NFL. Packers ili ndi 13, koma owerenga ma Super Bowl okha amaipatsa zinayi. Lions ija ndi Portsmouth Spartans yomwe inasewera m'nyumba mu 1932, isanasamuke mu 1934.

Choopsa chachikulu pakali pano ndi kutalika kwa sizoni. Masewero anali 14, anakhala 16 mu 1978, n'kukhala 17 mu 2021. Matimu olowa m'chipulula anakwera kufika 14 mu 2020, ndipo imodzi yokha mbali iliyonse ndi imene imapuma sabata yoyamba. Roger Goodell, mkulu wa ligi, wanena poyera kuti akufuna masewero 18. Sabata iliyonse yowonjezera imakweza mwayi woti fainolo ipezedwe ndi amene ali ndi ovulala ochepa, osati amene akusewera bwino. Mu Febuluwale 2021 Chiefs inafika ku Tampa yopanda otchinga ake awiri a m'mbali oteteza quarterback, Eric Fisher ndi Mitchell Schwartz. Mahomes anathera usiku wonse akuthawa, timu yake sinagoletse touchdown, n'kugonja 31-9. Mu Januwale 2023 San Francisco inataya ma quarterback ake onse awiri m'masewero olowera mu Super Bowl, n'kumaliza ndi Purdy amene chigongono chinali chitavulala moti sankatha kuponya, ndipo inagonja 31-7. Ligi inayankha pobwezeretsa lamulo lolola quarterback wachitatu wodikirira ngozi, komwe ndi kumata bala osachotsa chimene chikulasa.

Mgwirizano wa eni matimu ndi bungwe la osewera ukutha ikadzatha sizoni ya 2030, ndipo masewero a 18 sangalowe popanda osewerawo kusaina. Ngati adzavomere, asadzalandire ndalama zokha. Adzafune sabata yachiwiri yopuma mkati mwa sizoni, timu yokulirapo kuposa osewera 53 a panopa, ndi ovala yunifomu pa tsiku la masewero ochuluka kuposa 48.